Kalata yotseguka kwa oyendetsa maphunziro a ukachenjede: yezani ntchito yowerenga imene mukusenzetsa ophunzira

Kwa Olemekezeka a Nduna yoona za maphunziro, akuluakulu a bungwe la National Council for Higher Education (NCHE), atsogoleri a sukulu zaukachenjede za boma, ndiponso akuluakulu a bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira la Higher Education Students' Loans and Grants Board,

Mabwana ndi madona,

Ndikulemba kalatayi kuchokera ku Nkhotakota, kumene ndimaphunzitsa mbiri yakale ndi Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, ndipo nkhani imene ndabwera nayo ndi imodzi yokha, ya kuchuluka kwa zowerenga zimene ophunzira a zamalamulo, mbiri yakale, zolembalemba, filosofi, zaumulungu ndi zandale amapatsidwa pa semesita iliyonse popanda woyeza nthawi imene ntchitoyo imadya. Ndinene msanga, kuopa kuti mungandimve molakwika, kuti sindikupempha kuti digiri ifewetsedwe. Loya amene sanawerenge zigamulo za makhoti ndi woopsa kwa munthu amene akumuimirira pa mlandu, ndipo mphunzitsi amene anatuluka ku yunivesite atangoloweza manotsi ndi yemweyo amene amadzabwera kuno kudzaphunzitsa ana athu kuloweza. Pempho langa ndi lakuti kuwerenga muzikuona monga ntchito yeniyeni, yokhala ndi maola ake, zipangizo zake ndi luso lake loyenera kuphunzitsidwa, monga momwe mumaonera ntchito ya mu labotale.

Wophunzira wa sayansi amaoneka kuti akugwira ntchito, chifukwa maola ake a mu labotale analembedwa pa ndondomeko ya nthawi, mankhwala ndi zida zake zili mu bajeti, ndipo zikasowa aliyense amavomereza kuti phunziro laima. Wophunzira wa mbiri yakale kapena wa zamalamulo ndondomeko yake imaoneka yopanda kanthu: kalasi m'mawa, ina madzulo, pakati pali mpata waukulu. Makolo akaiona amati mwana wawo ali ndi nthawi yambiri, anzake a makosi ena amamuseka kuti anasankha zopepuka, ndipo ndikuopa kuti ngakhale ena mwa amene amagawa ndalama m'masukulu anu amaganiza chimodzimodzi. Komatu mpata umenewo ndiwo phunziro lenilenilo. Kalasi ya ola limodzi imangotsegula khomo, ndipo zonse zimene wophunzira adzayesedwa nazo zili m'masamba amene ayenera kuwerenga yekha, pamalo amene sukulu siiona ndi pa nthawi imene sukulu siiwerenga.

Ndiloleni ndiike nkhaniyi pa sikelo ndi chitsanzo chimene aliyense wa inu angachiwerengetsere pa pepala. Tinene kuti wophunzira ali ndi makosi 6 pa semesita, ndipo mphunzitsi wa kosi iliyonse wapereka masamba 60 pa sabata, zimene kwa iye payekha n'zosachuluka, mwina mutu umodzi wa buku ndi nkhani imodzi ya mu jenolo. Onse pamodzi apereka masamba 360. Ngati tsamba lili ndi mawu 400, ndiye kuti mawu onse ndi 144,000. Katswiri wina wa ku Belgium, Marc Brysbaert, atasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa liwiro la kuwerenga, anapeza mu 2019 kuti munthu wamkulu wowerenga Chingerezi chamumtima amawerenga pafupifupi mawu 238 pa mphindi ngati nkhaniyo si yopeka. Pa liwiro limenelo masamba aja angathe m'maola 10, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi chithunzi chotere chimene ambiri opereka ntchito amakhala nacho m'mutu. Koma kumeneko n'kungodutsitsa maso kamodzi, ndipo liwirolo ndi la anthu amene Chingerezi anachiyamwira. Mwana wochokera ku Dwangwa kapena ku Chipoka, amene ayenera kuima kuti ayang'ane mawu mu dikishonale, kubwerera ndime imene sanaimve, kulemba mfundo pambali ndi kudzifunsa ngati wolembayo akugwirizana ndi amene anamuwerenga dzulo, akamaliza masamba 8 pa ola ndiye kuti wachita bwino. Masamba 360 pamenepo akhala maola 45. Muwonjezerepo maola 18 a m'kalasi, mupeza maola 63 pa sabata, asanalembe ngakhale mzere umodzi wa asayimenti, asanaphike, asanachape, asanayende ulendo wochoka kumene akuchita lendi.

Palibe mphunzitsi mmodzi amene walakwa pa chitsanzo chimenechi, ndipo pamenepo ndi pamene pagona vuto. Aliyense anayang'ana kosi yake n'kuona kuti masamba 60 ndi oyenera, koma palibe amene anaphatikiza. Ku Chia kapena ku Senga Bay mwini bwato salola kuti munthu aliyense aikemo thumba lake ponena kuti thumba limodzi silolemera. Iye amayang'ana pamene madzi afika m'mbali mwa bwatolo. M'madipatimenti athu ndikufunsa kuti woyang'ana madziwo ndani. Ku South Africa ndi ku Britain kirediti imodzi, yomwe ndi muyezo wa kulemera kwa kosi, amaiwerengera maola 10 a ntchito yonse ya wophunzira, ya m'kalasi ndi ya payekha yomwe, kotero kuti chaka cha makirediti 120 chimakhala maola 1,200, amene pa masabata 30 ndi maola 40 pa sabata. Njira yoyezera ilipo kale ndipo akatswiri anu amaidziwa bwino kuposa ine. Chimene ndikupempha bungwe la NCHE, limene lamulo la 2011 linalipatsa udindo woona ubwino wa maphunziro apamwamba, n'chakuti likamaunika pulogalamu lisamangowerenga maina a mabuku amene ali kumapeto kwa ndondomeko ya kosi, koma lizifunsa kuti masambawo ndi angati pa sabata, akuyembekezeka kutenga maola angati kwa wophunzira wa ku Malawi kuno, ndipo akaphatikizidwa ndi a makosi ena a semesita yomweyo akukwana bwanji m'sabata imodzi.

Masamba nawonso salemera mofanana, ndipo apa ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono chifukwa anthu amene sanadutsemo saziona. Tonse tikukumbukira tsiku la 3 February 2020, pamene oweruza asanu anapereka chigamulo pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti. Chigamulocho chinali cha masamba oposa 400, ndipo ife amene tinali pa wailesi tinamvetsera kuyambira m'mawa mpaka kunja kutada. Ife tinkangodikira mawu omaliza. Wophunzira wa zamalamulo alibe mwayi umenewo. Iye ayenera kusiyanitsa zimene zinachitika ndi zimene mbali iliyonse inanena, kupeza mfundo ya lamulo imene yanyamula chigamulo chonse n'kuilekanitsa ndi zimene woweruza anangonena podutsa, kenako kuona ngati khoti lalikulu la apilo linagwirizana nayo pa 8 May chaka chomwecho ndi pa zifukwa ziti. Komanso popeza malamulo athu anamangidwa pa maziko a malamulo a ku England, mpaka kutengera ena amene ankagwira ntchito kumeneko pa 11 August 1902, mwana yemweyo amawerenganso milandu ya zaka zoposa 100 zapitazo, yolembedwa m'Chingerezi chimene ngakhale eni ake masiku ano sachilankhula, chosakanikirana ndi Chilatini, yokamba za sitima, minda ndi malonda a dziko limene sanalionepo. Tsamba limodzi lotere likhoza kudya theka la ola kwa munthu wanzeru ndi wakhama.

Wophunzira wa mbiri yakale naye ali ndi katundu wa mtundu wake. Titenge nkhani ya kwathu kuno. Ku sekondale mwana amaphunzira kuti a Jumbe anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, kuti pano panali doko la malonda a akapolo ndi minyanga, kuti David Livingstone anafikapo ndipo Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe mu 1889, ndipo akaloweza zimenezi amakhoza mayeso. Ku yunivesite amauzidwa kuti zimenezo ndi chiyambi chabe. Ayenera kuwerenga makalata a amishoni, malipoti a akuluakulu a boma la atsamunda amene ena mwa iwo amasungidwa ku National Archives ku Zomba, zolemba za akatswiri amene amatsutsana okhaokha, ndi zimene anakamba akuluakulu a ku Linga, kenako n'kufunsa kuti aliyense wa amenewa ankalembera yani, ankafuna chiyani, ndipo anasiya dala chiyani. Kuwerenga kotere n'kokoma kwambiri, ndipo ndi kumene kumasandutsa mwana kukhala munthu wosanamizika, koma sikuchitika mothamanga. Chimodzimodzinso wa zolembalemba amene ayenera kumaliza buku lathunthu la nthano pa sabata pamodzi ndi zimene akatswiri analembapo, ndi wa filosofi amene ndime imodzi ingamugoneke mochedwa.

Tsopano taonani kumene ana amenewa akuchokera. Ambiri mwa ophunzira a sekondale m'dziko muno ali m'sukulu zoyendera za CDSS, zimene zinabadwa mu 1998 kuchokera ku malo a maphunziro a patali a MCDE, ndipo zambiri mwa izo kuno kunyanja zilibe laibulale yoti munthu n'kuitchula dzinalo popanda manyazi. Mwana amayamba kuphunzira zonse m'Chingerezi pofika Sitandade 5, koma kunyumba, kumsika, kubwalo la mpira ndi kumunda wa mpunga Chingerezicho sakumana nacho. Pa zaka ziwiri za Folomu 3 ndi Folomu 4 amawerenga mabuku a zolembalemba owerengeka ndi zala za dzanja, nthawi zambiri buku limodzi ana angapo, ndipo kawirikawiri mphunzitsi ndi amene amawerenga mokweza ena akumvetsera. Mayeso a MSCE amamupatsa mphoto chifukwa chokumbukira bwino. Mwana wotere akakhoza ndi mapointi abwino n'kusankhidwa, ndiye kuti ndi wanzeru zenizeni, chifukwa wapambana popanda zida. Koma pa sabata yake yoyamba ku yunivesite amapatsidwa zowerenga zochuluka kuposa zonse zimene anawerenga pa teremu yathunthu, ndipo pambali pake pakhala mnzake wochokera ku sukulu yolipira ya mumzinda amene anayamba kubwereka mabuku ali ku pulayimale. Onse awiri adzalemba mayeso amodzi. Wathuyu akalephera, kalata imene imabwera imati walephera pa maphunziro, ndipo kumudzi anthu amati mwanayo anakapulupudza kutauni, pamene chimene chamugwetsa n'chakuti palibe amene anamuphunzitsapo kuwerenga masamba 50 pa tsiku n'kutolamo mfundo zitatu zofunika.

Ana amene ndinawaphunzitsa akabwera pa holide ndimacheza nawo, ndipo nkhani yawo imafanana ngakhale akuphunzira m'masukulu osiyana. Sadandaula kuti maphunziro ndi ovuta kumva. Amadandaula kuti safika kumapeto kwa chilichonse. Amayamba mutu wa buku Lolemba, Lachiwiri kwabwera zina za kosi ina, Lachinayi kuli mayeso apakati, ndipo pofika Lamlungu ali ndi zinthu zisanu zoyamba zosamaliza ndi mtima wodziimba mlandu. Mwana amene kuno anali woyamba m'kalasi amayamba kudziona ngati mbuli, amaleka kufunsa mafunso poopa kuti aonekera kuti sanawerenge, amagona maola ochepa, ndipo ena amafika podwala maganizo osauza munthu. Atsikana amene akukhala kwa achibale amaonjezera pa zonsezi ntchito za pakhomo zimene sangazikane pa nyumba ya eni.

Nkhani ya zipangizo ndiikamba mwachidule chifukwa mukuidziwa, koma siingasiyidwe. Buku limene kalasi ya anthu mazana awiri yauzidwa kuti iwerenge limapezeka makope awiri kapena atatu, ndipo limabwerekedwa kwa maola ochepa. Pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa mu December 2015 n'kuwononga mabuku pafupifupi 45,000, dziko lonse linamva chisoni ndipo linathandiza, chifukwa moto umaoneka. Koma kusowa kwa tsiku ndi tsiku, kwa buku limene lilipo pa ndandanda koma palibe pa shelefu, sikulira mokweza chotero. Kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023 kunakweza mtengo wa buku lililonse lochokera kunja, wa mapepala ndi wa inki, kotero kuti kufotokopa masamba 300 pa sabata ndi nkhani ya kusankha pakati pa pepala ndi ndiwo. Chotsalira ndi foni. Ophunzira amatumizirana pa WhatsApp masamba ojambulidwa mopendekeka, ndipo munthu amawerenga chigamulo cha khoti pa kagalasi kosakwana chikhatho, akukulitsa ndi kuchepetsa ndi zala, maso akuwawa, batire likutha, bandulo ikutha. Kwa wophunzira wosaona, amene amadalira pulogalamu yowerenga mokweza, tsamba lojambulidwa lotere n'chimodzimodzi kusapatsidwa kanthu.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira ndi magetsi m'dziko muno zinali pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse, ndipo zoposa theka zinkadalira tochi ya mabatire. Ndikutchula zimenezi chifukwa si ophunzira onse amene ali m'mahositelo. Ambiri amachita lendi ku Chikanda, ku Luwinga ndi malo ena otere, ndipo pali gulu lina lalikulu limene nthawi zambiri limaiwalika, la aphunzitsi anzanga ndi ogwira ntchito ena amene akuchita digiri ali kwawo kudzera m'maphunziro a patali. Mphunzitsi wa ku Benga kapena ku Khombedza amaphunzitsa tsiku lonse, amachonga makope, kenako usiku ayambe masamba ake omwe aja ndi tochi, kutali kwambiri ndi laibulale ya yunivesite iliyonse. Ku Salima kuli malo aakulu opangira magetsi a dzuwa amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, ndipo timawanyadira, koma munthu wowerengera digiri m'mudzi woyandikana nawo akhoza kukhalabe mumdima. Wokonza kosi ali mu ofesi yowala ayenera kumukumbukira munthu ameneyu asanalembe kuti masamba awa awerengedwe pofika Lachisanu.

Ndikudziwa yankho limene ena mwa inu muli nalo, chifukwa ndalimvapo kwa akuluakulu amene ndimawalemekeza. Amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, kuti amene wasankha zamalamulo anadziwa kuti kuli kuwerenga, ndipo iwo anadutsa momwemo osafa. N'zoona kuti anadutsamo, koma anadutsa m'nyengo imene University of Malawi inali ndi ophunzira ochepa, ogona pa sukulu pomwepo, odya ku kafeteriya, ophunzira m'timagulu ting'onoting'ono momwe mphunzitsi ankadziwa dzina la aliyense, ndipo ambiri anachokera ku sukulu za sekondale zogonera zimene zinali ndi mabuku. Lero tatsegula zitseko, ndipo tinachita bwino kutero: pabwera Mzuzu University, LUANAR, MUST, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa n'kubala MUBAS ndi KUHeS. Koma tikalandira ana ambiri ochokera ku sukulu zosauka n'kuwapatsa ndandanda ya mabuku yokonzedwera ana ochepa a kale aja, popanda chothandizira chilichonse chimene akale aja anali nacho, ndiye kuti chitseko tachitsegula kutsogolo n'kutsegulanso china kumbuyo chotulutsira omwewo. Ndikuvomerezanso kuti alipo ophunzira aulesi, amene maola awo amathera pa Facebook ndi TikTok, ndipo amenewo sindikuwaikira kumbuyo. Koma simungadziwe waulesi ndi wolemedwa ngati ntchito imene mwapereka ndi yoti ngakhale wakhama sangaimalize.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene katundu wosayezedwayu amaphunzitsa. Wophunzira akazindikira kuti n'zosatheka kuwerenga zonse, ndipo palibe amene wamuuza kuti zofunika koposa ndi ziti, amapeza njira yopulumukira. Amafuna manotsi a amene anadutsa chaka chatha, amaloweza chidule cha milandu chimene wina analemba, amagawana mitu ndi anzake kuti aliyense awerenge umodzi n'kufotokozera enawo, ndipo masiku ano amangoika nkhani yonse mu ChatGPT kuti imupatse mfundo zisanu. Akakhoza mayeso mwa njira imeneyi, amakhala ataphunzira phunziro loipa kwambiri, lakuti munthu akhoza kulankhula molimba mtima za chinthu chimene sanachiwerenge. Anthu amenewa ndi amene mawa adzakhale oweruza milandu ku khoti la majisitireti, olemba malamulo a Nyumba ya Malamulo, alembi a m'maunduna osainira mapangano a ngongole za dziko, atolankhani ndi abusa. Ndandanda yaitali ya mabuku imaoneka yaulemu pa pepala, koma ngati zotsatira zake ndi munthu amene sanamalizepo buku ndi limodzi lomwe mosamala, ulemuwo ndi wonama. Masamba 25 owerengedwa bwino, okambidwa m'kalasi, ofunsidwa mafunso mpaka wophunzira atatha kutsutsa wolembayo, amamanga munthu kuposa masamba 100 odutsidwa ndi maso atulo.

N'chifukwa chake ndikupempha atsogoleri a masukulu kuti mulamule kuti ndondomeko ya kosi iliyonse izinena poyera masamba oyenera kuwerengedwa ndi aliyense, maola amene akuyembekezeka kutenga, ndi zowerenga zoonjezera za amene akufuna kuzama, ndipo mkulu wa dipatimenti aziphatikiza zonsezi semesita isanayambe, pamodzi ndi masiku operekera maasayimenti, kuti asamagwe onse sabata imodzi. Zimenezi sizifuna ndalama ya kunja kapena nyumba yatsopano. Zifuna msonkhano umodzi ndi pepala limodzi. Pakhalenso sabata yowerengera pakati pa semesita, yopanda makalasi, ndipo kalendala ikasokonekera monga inachitira sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, musamafupikitse masabata n'kusiya zowerenga zili chimodzimodzi, chifukwa kutero n'kulipiritsa wophunzira ngongole imene sanakongole.

Koposa zonse ndikupempha kuti chaka choyamba chiziphunzitsa kuwerenga. Kosi ya luso la chilankhulo imene ophunzira atsopano amachita ndi yothandiza, koma kuwerenga chigamulo, kuwerenga kalata ya mmishonale ndi kuwerenga ndakatulo ndi maluso atatu osiyana, ndipo amene angawaphunzitse ndi eni phunzirolo. Pafunika kuti mphunzitsi akhale pansi ndi kagulu kochepa, atsegule tsamba limodzi, aonetse mmene iye amaliwerengera: pamene amathamanga, pamene amaima, chimene amalemba pambali, mmene amadziwira kuti ndime iyi ndiyo mtima wa nkhani ndipo inayo ndi chitsanzo chabe. Ndikudziwa kuti aphunzitsi a m'mayunivesite nawonso alemedwa, kuti mmodzi amachonga mapepala mazanamazana, ndipo sindikuwaloza chala. Koma muli ndi ophunzira a digiri yachiwiri ndi a chaka chomaliza amene, ataphunzitsidwa pang'ono ndi kupatsidwa kangachepe, angatsogolere timagulu totere. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi imene dziko limataya mwana akachotsedwa sukulu m'chaka chachiwiri ali ndi ngongole ya boma pamutu koma wopanda digiri yoibwezera.

Kwa a bungwe la ngongole, limene linakhazikitsidwa mu 2015, ndikuti powerengera zosowa za wophunzira muzikumbukira kuti kwa wa zamalamulo kapena wa mbiri yakale pepala losindikizidwa, bandulo ndi chipangizo chowerengera chokulirapo kuposa foni ndizo zida za ntchito, ndipo ndalama ikachedwa kufika ndi masabata anayi, masamba a masabata anayiwo sabweranso. Masukulu athu ali kale ndi mgwirizano wa malaibulale wa MALICO umene umathandiza kupeza majenolo a pa intaneti, ali ndi MAREN yolumikiza masukulu pa intaneti, ndipo zigamulo zambiri zili pa MalawiLII kwaulere. Chotsala n'chakuti wophunzira athe kufika pa zimenezi ali kunja kwa mpanda wa sukulu, pa mtengo wotsika, ndiponso kuti madipatimenti azisonkhanitsa zowerenga zofunika za kosi m'kabuku kamodzi kooneka bwino, kovomerezeka ndi bungwe loteteza umwini wa zolembedwa la COSOMA, kogulitsidwa pa mtengo wongobwezera pepala, kokhalanso ndi kope lake la pa kompyuta limene wosaona angathe kulimvetsera. Laibulale nayo izitsegulidwa mpaka usiku ndi kumapeto kwa sabata, ndi magetsi a dzuwa oti ESCOM ikathimitsa anthu asabalalike.

Olemekezeka a Nduna, gawo lomaliza ndi lanu ndi lathu ife a ku sekondale. Pakati pa kulemba MSCE ndi kuyamba yunivesite pamadutsa miyezi yambiri imene ana osankhidwa amangokhala kumudzi, ena akuthandiza kusodza, ena akugulitsa mu okala, osatsegula buku ndi limodzi lomwe popeza palibe powapeza. Masukulu atangotulutsa maina, dipatimenti iliyonse ikhoza kutumiza zowerenga zoyambira zochepa, zosankhidwa bwino, ndi mafunso otsogolera, ndipo makope ake akhoza kuikidwa ku ma TDC, malo osulira aphunzitsi amene ali kale m'zoni iliyonse ya maphunziro, kuno ku Nkhotakota, ku Salima ndi m'maboma onse. Aphunzitsi a Chingerezi, Chichewa ndi mbiri yakale tilipo m'madera onsewa, ana amenewa timawadziwa ndi maina awo, ndipo ambiri a ife tingalole kukumana nawo Loweruka lililonse kuti tiwerenge nawo tsamba ndi tsamba. Tikupempha kuti mutitumizire mabukuwo ndi chilolezo chogwiritsa ntchito zipindazo maina a chaka chino asanatuluke.

Ine wanu pa ntchito ya maphunziro,

Mphunzitsi wa sekondale,
Nkhotakota